Botolo la Kabatani

Atelala sankapatsa munthu moni asanamuyeze ndi maso. Ukalowa m'kachipinda kawo kosokeramo, ankayamba akuyang'ana mapewa ndi chiuno, kenako n'kulavulira mapini m'dzanja n'kukuuza ngati wanenepa kapena akukumana chakudya kunyumba.

Tsiku limenelo ankamasula msoko wa diresi la Kabatani, mwana wa mchimwene wawo, amene ankamulera chimwalirireni mayi ake. Ntchito imeneyi inkawakomera kuposa kusoka zaukwati. Chaka chatha mwanayo ankangofota, tsitsi litafiira, ndipo iwo ankachepetsa madiresi ake mwakachetechete kuti aneba asaone kuti akumukhwepa. Anagonekedwa m'chipatala n'kumamwa mkaka wa ana onyentchera, koma akatuluka ankabwerera mwakale. Pomaliza namwino anawapempha kuti amuyeze magazi. Anamupeza ndi HIV, n'kumuyambitsa mankhwala. Tsopano Kabatani anali ndi masaya, ndipo mphaka wa panyumbapo analibe mtendere.

Masana kunatulukira bambo ake, dalaivala wa lole. Atelala anamuuza kuti mimba yayamba kumutsogolera, ndiye kuti mkazi wake watsopano akudziwa ntchito. Iye anaseka, n'kunyamula mwana wake, n'kumadandaula mwachinyengo kuti amuthyola msana. Atakhala pansi ananena chimene anadzera: nyumba yakhazikika, ndipo mkazi wake ndi amene akuumirira kuti mwana abwere.

Atelala sanakane. Kabatani ankathamangira kumsewu akangomva lole iliyonse, ndipo mlamu wawoyo, ngakhale anali asanacheze naye bwino, ankatumiza tinsapato ndi sopo osapemphedwa. Anatenga botolo la mankhwala pamwamba pa kabati n'kuyamba kufotokoza za m'mawa ndi madzulo. Mchimwene wawo analilandira, n'kulibweza patebulo.

"Achemwali, mwanayu wachira. Taonani mikonoyi. Botololi likalowa m'nyumba mwanga mlamu wanu afunsa, ndiye ndikayankha chiyani?"

"Ukamuuze kuti ndi mafuta a lole," anatero Atelala. "Mikono ukuyamikirayo yatuluka m'botolomo. Akasiya kumwa, kachilomboko kadzuka. Ndiye kuti mkazi wako sunamuuze?"

Dalaivala anayang'ana zidutswa za nsalu zimene zinali pansi. Anavomera kuti sanamuuze, ndipo anati mankhwala a kachilomboko nayenso amamwa ndithu, sadumphitsa, koma amawasunga m'galimoto, pansi pa mpando. Ankaopa kuti mkaziyo akamva amanga katundu.

"Chigamba chobisa chimasomoka pagulu, iwe. Munthu wakumbukira phazi la mwana amene sanabereke, ndiye ukumuyesa nkhuku yothawa chithunzithunzi?"

Anakambirana nthawi ndithu, Kabatani ali pamiyendo ya bambo ake akuwavula chipewa n'kuwavekanso. Dalaivala anapempha kuti mwana atsale kaye mpaka iye atapeza mpata wabwino. Atelala ankaudziwa mpata wa mchimwene wawo: unali ngati wa kasitomala wonena kuti abwera mawa. Anayang'ana mwanayo atakakamira kolala ya bambo ake, ndipo anaona kuti kumusiya kukhala kumulanga pa mlandu wa akuluakulu.

"Mwana akupita, botolo likupita, inenso ndikupita," anatero. "Sindikakulankhulira ayi, pakamwa ndi pako. Ine ndikangokhala pampando n'kumakuyang'ana."

"Mukakhalako mpaka liti?"

"Mpaka utanena. Ndipo ukudziwa mmene ndimalizira mkonono."

Dalaivala anapukusa mutu, koma kuseka kunamuthawa m'mphuno. Anati ndi bwino anyamuke dzuwa likadalipo, kuti akafike mkazi wake asanatope.

Atelala anamaliza msoko uja, n'kudula ulusi ndi mano. Anaphimba makina ndi nsalu, n'kupempha mayi wa khomo loyandikana kuti azipatsa mphaka chakudya ndi kupepesa makasitomala. M'chikwama anaikamo zovala za Kabatani, zawo pang'ono, ndi diresi latsopano limene anasankhira mlamu wawo moyerekeza. Botolo analiika pamwamba penipeni, pamene aliyense wotsegula zipi angalione, n'kupatsa mchimwene wawo chikwamacho kuti anyamule.