Manda a Phungu Wakale

Amuna ake a Ketilina, a Whiteson Ngoma, anakhala phungu zaka khumi ndi zitatu, koma kwawo ku Madzimoyo sanagonepo pamaliro a munthu ngakhale kamodzi. Ankangotuma dalaivala ndi thumba la ufa. Ketilina anawachenjeza mpaka kutopa. A Ngoma atagwa pachisankho cha 1991, galimoto inalandidwa, anzawo a ku Lusaka nawonso zii.

Phungu wakaleyo atamwalira mu 1996, adzukulu okumba manda anangokhala pansi, makasu ali pambali. Ketilina anawagwadira.

"Bambo anga, mtembo wayamba fungo. Ndichitireni chifundo."

"Mayi, itanani dalaivala uja adzakumbe," anayankha wamkulu wa adzukuluwo. "Ife tibweretsa ufa."

Ketilina sanalire. Anamanga chitenje m'chiuno, natola khasu, nkulowera yekha kumanda, kumene mkazi sakumba. Palibe anamuletsa.