Mphiri Yoseka ya Bambo a Kadontho

“Njoka siseka, bambo a Kadontho. Fufutani pakamwapo.”

Anatero mayi a Kadontho, singano ili m'manja, ataima kumbuyo kwa amuna awo. Bambowo sanacheuke n'komwe. Anangoviika burashi m'kambale ka utoto n'kuwonjezera nsidze pa diso la njokayo. Nsidze! Munaiona kuti njoka ya nsidze inu?

Banjali linkapanga mabuku a ana m'galaja ya kuseri kwa nyumba. Galimoto analibe, ndiye mmenemo munali makina osindikizira, chimpeni chodulira mapepala ndi tebulo lalitali lonunkha guluu. Bambo ankajambula ndi kulemba, mchimwene wawo wa mayiwo ankayendetsa makina, mayi n'kumapinda mapepala ndi kusoka mabukuwo ndi ulusi. Onse anali a nyama zakutchire: lina la njovu yokodwa mu waya, lina la kamba wothawa moto wolusa. Ntchito yabwino ndithu, ndipo mayi a Kadontho sankadana nayo. Pa buku la kamba lija anagwetsa misozi akusoka. Koma ili la njoka linawaima pakhosi ngati munga.

“Mwana amapha chimene akuchiopa,” anayankha bambowo, maso ali pa pepala. “Akaiona yokongola aikonda. Akaikonda saigenda.”

“Ndani wati aziipha? Aiope, aisiye, adutse kutali, basi. Iyitu ndi mphiri, sithawa munthu. Jambulani mano akewo aoneke.”

“Buku loopsa aphunzitsi salifuna. Mukufuna ana a eni azikodza pogona?”

“Akodze! Bulangeti limachapika.”

Mchimwene uja anaseka mpaka kutsamira makina. “Alamu, asiyeni achemwali angawa. Awa amathawa ndi chingwe cha nsapato chomwe.”

Vuto linali pamenepo. Mayi a Kadontho ankaopadi zinthu zambiri: waya wa magetsi wodutsa pansi, chimpeni chija, ndowa ya madzi yosavundikira, galu wa aneba. Tsiku silinkatha osanena kuti “muona.” Ndiye “muona” wawoyo anasukuluka ngati malaya ochapachapa, anthu n'kumangomumva ngati phokoso la makina. Koma inu, munthu wamantha mukamuseka, muziyamba mwayang'ana kumene akulozako.

Zinafika poipa pamene tsamba lomaliza linauma. Panali kamtsikana katanjuta pafupi ndi njoka ija, kakumwetulira, dzanja lili tambasu. Mayi anayang'anitsitsa. Diresi lachikasu ankalidziwa, analisoka okha. Mpata wa m'mano ankaudziwa. Ndipo pa tsaya lakumanzere panali kachipsera kakuda kaja kamene mwana wawo anabadwa nako, kamene kanamupatsa dzina loti Kadontho.

“Mwaika mwana wanga pa njoka?”

“Wathu, mayi. Ndimati ndijambule wa ndani? Ndipo werengani pansipa. Ndalemba kuti, ipatse moni uli patali.”

“Kadontho amawerenga? Sukulu anayamba liti? Mwana amawerenga chithunzi, bambo inu! Patali pake ndi pati apa, dzanja latsala pang'ono kukhudza mphuno?”

“Akubayibitsa.”

“Mudzabayibitsa ndinu!”

Anaponya singano pa tebulo n'kulumbira kuti buku limenelo salisoka. Sizinavute. Mchimwene wawo anabwereka chomanira cha mawaya, ndipo galaja yonse inangoti kha! kha! kha! mayi ali kukhitchini kukalipira mapoto osalakwa. Makatoni anadzaza, anamangidwa, anapita ku masukulu. Buku loyamba kutuluka bambo anapatsa Kadontho.

Mwana ndi mwana. Atadziona yekha m'buku anavina pabwalo ponse. Ankadya nalo, ankagona nalo, njokayo n'kumaitchula kuti mnzanga. Mayi analilanda n'kuliponya pamwamba pa wadirobu. Bambo anakwera pampando n'kulitsitsa.

“Mukumuphunzitsa mwana mantha anuwo.”

“Mantha angawa ndi amene amukulitsa kufika apa.”

Mayi anamukhazika Kadontho pamiyendo, anamuuza kuti njoka yeniyeni imaluma, munthu n'kufa. Mwanayo anawayang'ana ngati akumvera chisoni munthu wosadziwa zinthu. “Ameneyo ndi njoka wina, amama. Wangayu ndi wa adadi.”

Kuseri kwa galaja kunali mulu wa zidutswa za mapepala zochokera pa chimpeni chija. Bambo ankakana kuziwotcha, ati adzazinyika n'kupanga zikuto. Mvula inazivumbwa, dzuwa linaziumitsa, makoswe anamangamo mudzi. Ndipo kumene kwamanga khoswe, wina amabwera kudzaona malo. Zimenezonso mayi ananena. Zinapita ndi mphepo.

Tsikulo dzuwa linali paliwombo. Makina anali chete chifukwa magetsi anathima, n'chifukwa chake mayi, akupala guluu wouma mu poto, anamva kamawu kuseri kwa khoma.

“Moni mnzanga. Wabwera?”

Anazungulira pakona, poto ali m'manja. Kadontho anali atanjuta pafupi ndi mulu uja, diresi lomwe lija, dzanja tambasu, ndendende ngati pa tsamba. Patsogolo pake panali chinthu chonenepa ngati mkono wa munthu, cha mawanga a masamba ouma, mutu wophwatalala. Sichinkaseka. Chinkafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, chikupemerera ngati tayala loboola.

Mayi amene ankakuwa tsiku lililonse, tsiku limeneli mawu anawakanika. Ankadziwa kuti akakuwa mwana adzidzimuka, ndipo akadzidzimuka zatha. Anangoima pomwepo.

Bambo anaona ali pa zenera la galaja. Mmene anatulukira palibe akudziwa, mpando unamveka kugwa iwo atafika kale. Dzanja lamanzere linakoka mwana pa kolala, lamanja linalowa pakati. Mphiri siichedwa. Inangoti tsa! n'kubwerera pamalo pake ngati sinachite kanthu.

Mchimwene uja anatulukira ndi chitsulo chomangira makina. Anamenya, anamenyanso, mapepala ali mbuu kuuluka, mpaka njokayo inasanduka nsanza. Yemwe uja ankaseka za chingwe cha nsapato, tsopano sanasekenso, anangotaya chitsulo pansi.

“Amalume mwapha mnzanga!” Kadontho analira akudzigwetsa pansi. “Mwapha mnzanga!”

Mayi anamunyamula, anamuvula diresi pomwepo, anamufufuza m'khwapa, m'zala, kuseri kwa makutu. Analibe kanthu. Apo mpamene mawu anabwerera, ndipo anabwerera onse.

“Mwamva? Mwamumva mwana wanu? Akulira njoka, osati inu! Ndiye mwaipulumutsa njokayo? Siyo yagona apoyo! Mwana mukanapha, njoka mwapha, mwapindula chiyani ndi nsidze zanuzo?”

Bambo anakhala pansi atagwira dzanja, akuyang'ana timabala tiwiri pa chala cha mkombaphala, tating'ono ngati pobaya singano.

Aneba anathamanga nawo kuchipatala pa galimoto yawo. Pofika, dzanja linali ngati la munthu wina. Kutupa kunakwera mpaka m'chigongono, khungu linatuluka matuza, chala chinayamba kuda. Mayi a Kadontho ankabwera ndi chakudya m'mawa ndi madzulo, ankawasambitsa, ankawadyetsa ndi supuni, koma supuniyo inkagogoda mano. Mayi wina wodikirira wodwala pa bedi loyandikana anawanong'oneza kuti akhululuke, munthu wavutika kale.

“Ndikhululuka,” anayankha mokweza kuti amuna awo amve. “Koma ayambe andiuza kuti ana a eni aja, amene alandira bukuli, adzawakokera pa kolala ndani.”

Bambo anatembenukira kukhoma.

Moyo unatsala, koma madokotala anadula zala ziwiri, cha mkombaphala ndi chapakati, zomwe zija zinkagwira burashi. Chala chachikulu chinauma, sichipindika. Atatuluka, anayenda m'masukulu ndi mlamu wawo kupempha mabuku aja. Ena anabweza. Ena anati ana anapita nawo kunyumba, ndipo buku likalowa m'chikwama cha mwana, mwalitaya.

Panopa bambo a Kadontho amakhala pa tebulo lalitali lija, burashi ali ku dzanja lamanzere. Akati ajambule mwendo wa mbalame, mzere umapita kwina ngati woledzera. Amang'amba, amayambanso, amang'amba. Makina anafundidwa nsalu. Ndipo munthu akangogogoda pa geti, kaya ndi wogulitsa matsache chabe, bambowo amadzuka nji, nkhope itayera, kudikira kumva kuti njoka yaluma mwana wa ndani.