Masiku Khumi a Saopa

Saopa anawaluma amuna anga Lolemba m'mawa, pampopi. Anali galu wa alamu, akulu awo a amuna angawo. Timakhala mumpanda umodzi, iwo nyumba yakutsogolo, ife yakumbuyo, mpopi uli pakati. Galuyo anakulira m'maso mwathu ndipo anali asanalumepo munthu. Ngakhale ana obwera kudzaba mapeyala ankangowagwedezera mchira. Koma tsiku limenelo, abambo akusamba m'manja, iye anangotulukira pansi pa mwala wochapirapo n'kuwagwira pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, osauwa n'komwe.

Kusauwako n'kumene kunandidetsa nkhawa. Ndinawatsuka balalo ndi sopo mpaka anayamba kudandaula kuti ndiwasenda khungu. Kenako ndinaimbira foni mlangizi wa ziweto, osapempha chilolezo kwa munthu.

Mlangiziyo anafika masana pa njinga yamoto, bambo wamfupi wolankhula mosathamanga. Anafunsa khadi ya katemera wa galuyo. Alamu, amene amakonza magalimoto, anati khadi ili kugalaja, koma galu anabayidwa chaka chomwe chino.

"Chabwino," anatero mlangizi. "Chiwewe chimayenda m'malovu. Galu akakhala nacho m'malovu tsiku limene waluma munthu, sadutsa masiku khumi ali moyo. Ndiye mum'mange pa tcheni, azidya, azimwa, musamuphe. Ndidzabwera Lachinayi la sabata yamawa kudzamuona. Akasintha kapena akafa, mundiimbire ola lomwelo." Anatembenukira kwa amuna anga. "Koma inu akalipentala, musadikire galu. Pitani kuchipatala lero lomwe mukayambe jakisoni. Matendawa akangoonekera pa munthu, palibe amene amachira."

Analemba m'buku mwake, ine ndikusuzumira paphewa pake: galu wamphongo, wofiirira, wamkulu. Mumtima ndinati, abale, theka la agalu a mumsewu uno ndi otero.

Mlangizi analankhula zinthu ziwiri, koma amuna anga anamva chimodzi chokha, cha tchenicho. Madzulo nditawatulutsira jekete kuti tizipita, anangoipachikanso pamsomali.

"Achimwene anena kuti galu anabayidwa," anatero. "Ndikapita kuchipatala ndiye kuti ndawayesa abodza pamaso pa anthu."

"Jakisoni satukwana munthu, bambo a ana."

"Tidikire masiku khumiwo. Galu ali pomwepo, tikumuona."

Muwadziwe amuna angawa. Makolo awo anamwalira iwo ali ang'ono, ndipo anawalera ndi alamu. Alamu atanena kuti dzuwa lero lituluka kumadzulo, awa akhoza kutembenuza mpando n'kudikirira kumeneko. Ndinalankhula, ndinakalipa, ndinalira, mpaka ndinawaopseza kuti ndipita kwathu. Anangondifunsa ngati tiyi alipo.

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde, moyang'anizana ndi mtengo wa mapeyala pamene anamangirira Saopa. Ndiye ndinasanduka mlonda wa galu, phazi pa makina, diso pamtengo. Lachiwiri anadya bwinobwino. Lachitatu chakudya anangochinunkhiza, n'kuyamba kutafuna tcheni, dovu likuchucha. Atauwa, mawu ake anali osasa, ngati si iye. Ndinawauza abambo, anati galu aliyense amadana ndi tcheni. Ndinawauza alamu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mlamu, inu muzisoka," anatero. "Za agalu tisiyireni."

Lachinayi m'mawa alamu anazunguliza malata akale pamtengo paja, akuti kuopa ana angamuputeko. Tsiku lonse sindinaone kanthu, ndinkangomva tcheni kukhulana ndi malata. Chakumadzulo phokosolo linasiya. Lachisanu ndinapita kukapereka mayunifolomu kusukulu ina, ndipo pobwerera ndinapeza malata achotsedwa mbali imodzi, galu ali chilili, akudya, mchira uli m'mwamba.

"Waona?" anatero amuna anga, akuseka. "Ukanandibayitsa zaulere."

Sindinaseke nawo. Saopa anali ndi m'bale wake wobadwa naye tsiku limodzi, dzina lake Ndatola, amene ankalondera kugalaja kwa alamu. Ubweya umodzi, msinkhu umodzi, makutu amodzimodzi. Ndinayandikira malata aja, galu n'kundiuwa. Saopa sanandiuwepo chibadwire, ndine ndinkamutayira mafupa. Nditabwerera pakhonde n'kuponda makina, anauwanso, tcheni chili gwa, ngati sanamvepo makina osokera.

Ndiye panali lamba wa m'khosi. Lambayo ndinasoka ndine, kuchokera ku lamba wakale wa thalauza, ndipo ndinaboola mabowo atatu. Saopa ankavala pa bowo lomaliza, mpaka chikopa chinapindika pamenepo. Tsopano lamba anali atamangidwa pa bowo lachinayi, loboola ndi msomali, lokhota. Ntchito yanga ndimaidziwa, sindiboola chokhota.

"Waonda ndi tcheni," anatero alamu nditawafunsa.

"Khosi kuonda zala ziwiri m'masiku anayi, alamu?"

"Mukufuna mumuyeze ndi tepi yanuyo?"

Ndinkafunadi. Tepi inali m'khosi mwanga, koma galuyo sankandilola kufika pafupi.

Loweruka ndinapita kugalaja, ati ndikufuna oyilo wothira m'makina. Pamene Ndatola ankagona, pansi pa basi yakufa, panali mbale youma ndi chingwe chopanda galu. Alamu anatuluka pansi pa galimoto, akupukuta manja, ndipo ndisanafunse n'komwe anati Ndatola anamubwereka mnzawo amene akuvutika ndi akuba. Munthu akayankha funso limene sunamufunse, ine ndimayamba kumuwerenga. Pobwerera kunyumba ndinazungulira kuseri kwa bafa lawo. Ndinapeza dothi lofukulidwa kumene, pakati pake atabzalapo kamtengo ka nthochi. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala mumpanda umenewu, alamu sindinawaonepo atagwira khasu.

Zonsezi ndinawafotokozera amuna anga, lamba, mbale, nthochi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Iwe cholinga chako n'kutidanitsa," anatero. "Kuyambira kale achimwene sunawakonde. Munthu asabzale nthochi pakhomo pake?"

Ndinaimbiranso mlangizi. Anati ali kutali, akubaya ng'ombe, abwera Lachinayi monga tinapangana. Anawonjezera kuti zoti galu ndi yemweyo kapena ayi tidzaziona, koma amuna anga ndiwatengere kuchipatala msanga. Ndinamufunsa ngati anayesapo kubereka kalipentala kumbuyo.

Lamlungu ndinayamba kudzikayikira ndekha. Mwina galu amaondadi. Mwina alamu akalamba, ayamba kukonda mbewu. Mwinanso n'zoona kuti sindinawakonde, chifukwa munthu amene amakulankhula ngati ndiwe wantchito wake n'zovuta kumukonda. Koma mlangizi anali atanena kuti wodwala chiwewe amalephera kumeza madzi, ndiye abambo akangonyamula kapu ine maso anali pakhosi pawo. Akakanda padzanja paja, mtima wanga unkachita ngati waima. Balalo linali litauma bwino, ndipo kuumako n'kumene kunkawalimbitsa mtima. Ine ndinkaopa, ndipo ndinalibe woopa naye.

Lolemba masana kunabwera akazi awo a alamu. Ana anga amawatchula kuti amayi aakulu, nanenso ndinangozolowera choncho. Sabata yonse anali akundizemba, akandiona pampopi ankabwerera ndi ndowa yopanda madzi. Koma bulauzi yawo ya kuukwati inali kwa ine, ukwatiwo unali Loweruka, ndipo manja anali asanayezedwe. Analowa m'chipinda chosokera akuyang'ana pansi.

"Ingoyerekezani, mayi," anatero. "Thupi langa mumalidziwa."

"Nsalu yodula chonchi siyoyerekeza. Vulani juziyo."

Anavula monyinyirika. Nditazunguliza tepi pamkono, chakuphewa, anadzidzimuka n'kukoka mpweya m'mano. Ndinakweza dzanja la malaya. Panali kathonje komata ndi pulasitala, katsopano, kadontho ka magazi kakuonekera. Pambali pake panali kachizindikiro kena, kakale pang'ono, ka masiku atatu kapena anayi.

"Kodi mukudwala, amayi aakulu?"

"Ndi ya kuthamanga kwa magazi."

"Ya kuthamanga kwa magazi mumamwa mapiritsi, ndimakutengerani ndine."

"Ndi ya kulera."

"Pa msinkhu wanuwu? Mdzukulu wanu ali sitandade sikisi."

Ndinatseka chitseko n'kuimirira pomwepo, tepi ili m'manja. Sindinakweze mawu. Ndinangowauza kuti muno simutuluka, bulauzi simuiona, mpaka mundiuze amene wakubayani ndi chifukwa chake. Anakhala pampando wa makasitomala, kenako zonse zinatuluka.

Saopa anafa Lachinayi madzulo, atauma miyendo yakumbuyo. Katemera sanabayidwepo chibadwire, khadi kunalibe. Alamu anaopa kuti mlangizi akadziwa awatengera kupolisi chifukwa cha bodza lija, n'kuphanso Ndatola. Ndiye awiriwo anamukokera kuseri kwa bafa n'kumukwirira. Pomuchotsa lamba, malovu anawathira m'manja monse, ndipo manja a alamu ndi a mabala okhaokha chifukwa cha masipanala. Sanagone. Lachisanu ine nditapita kusukulu kuja, anakatenga Ndatola, n'kumumanga pamtengo, kenako onse awiri anathamangira kuchipatala kukayamba jakisoni. Kumeneko ananena kuti anagwira galu wakufa pamsewu. Lero linali tsiku la jakisoni wachiwiri. Iwo anapita m'mawa, alamu apita masana akatseka galaja.

"Nanga mng'ono wawo?" ndinafunsa. "Amene analumidwa mpaka magazi?"

"Akuti mlangizi akangobwera Lachinayi n'kusaina, awauza bwinobwino kuti apite. Akuti masiku atatu si ambiri, mng'ono wawo ndi wolimba."

Ndinafuna kuwamenya mbama, sindibisa. Koma mbama sikanawafikitsa amuna anga kuchipatala. Ndinawagwira padzanja mayiwo, opanda juzi, pulasitala ili poyera, n'kuwakoka kudutsa pampopi mpaka kushedi kumene abambo ankapala chitseko.

"Nenaninso," ndinatero. "Ine akuti ndimadanitsa anthu. Amve kwa inu."

Ananenanso, mawu ali pansipansi. Amuna anga anamvetsera atagwira chopalira. Anayang'ana pulasitala ija nthawi yaitali, kenako anayang'ana dzanja lawo. Anaika chopalira pathebulo chogoneka cham'mbali, monga amachitira masiku onse kuti mpeni usabunthe, anakutumula utuchi pathalauza, n'kulowa m'nyumba kukatenga jekete. Ine ndinatumiza uthenga kwa mlangizi kuti galu anafa Lachinayi ndipo ali pansi pa nthochi.

Tinakwera minibasi. Anakhala kuwindo, dzanja lolumidwalo atalifumbata ndi linzake. Ndinkafuna kuwauza kuti ndinanena ine, mawuwo anafika pakamwa kangapo, koma nditaona nkhope yawo ndinawameza.

Katemera wa chiwewe amapezeka pachipatala chimodzi chokha m'tauni yathu, kuchipinda chakumapeto kwa khonde lalitali. Panja pake pali benchi. Pabenchipo panali mayi wina ndi mwana womangidwa bandeji pamwendo, mnyamata wa yunifolomu ya ulonda, ndi alamu. Anali atavala ovolosi yawo ya kugalaja, dzanja limodzi atalipinda kale mpaka paphewa, khadi yachipatala ili pabondo.

Atationa anasuntha pang'ono, n'kupukuta pabenchi ndi chikhatho.

"Iwe, khala apa," anatero.

Amuna anga anaima chilili. Namwino anatuluka ndi buku, mayi wamkulu wa magalasi, n'kufunsa ngati pali woyamba lero. Ndinawakankhira kutsogolo.

"Munalumidwa liti, bambo?"

"Lolemba lapitalo."

Namwinoyo anatsitsa magalasi. "Sabata yathunthu? Padzanja? Munali kuti masiku onsewa?" Anawagwira dzanja n'kuyang'ana chipseracho. Anafunsa ngati pamayabwa kapena kuchita dzanzi, ngati mutu ukuwawa, ngati madzi akumwa bwino. Abambo anati pamayabwa pang'ono.

"Bala likamapola limayabwa," anatero namwino. "Tikubayani lero lomwe, jakisoni wina pabala pomwepo, ndipo musadzaphonye tsiku ngakhale limodzi. Koma sindikunamizani, mwachedwa. Ambiri amapulumuka, ndipo tizikuonani pafupipafupi. Galuyo ali kuti?"

"Anafa Lachinayi," anatero amuna anga. "Ndi wa pakhomo pathu. Zambiri afunseni awo."

Namwino anayang'ana alamu, anayang'ananso amuna anga. Amafanana kwambiri anthu awiriwa, mphumi ndi mphuno zomwe.

"Awa anatiuza za galu wa pamsewu," anatero, cholembera chili pabuku. "Ndi abale anu?"

Alamu anadzutsa mutu, akudikira. Amuna anga anavula jekete n'kundipatsa, osayang'ana kubenchi.

"Ndi eni ake a galu," anatero.

Anapinda dzanja la malaya n'kulowa m'chipindamo.