Nyemba Zodwala za Malemu

"Ndazula zodwala zokhazokha, alamu," anatero akulu ake a malemu, uku akupukuta manja pa thalauza. "Zabwino zonse ndakusiyirani. Taonani mmene mwayerera."

Mayi, mkazi wa malemuwo, anaima pakhomo pa kashedi ka neti kuseri kwa nyumba, beseni la zochapa lili m'manja. Munali mutayera ndithu. Pa mashelefu atatu a kumanzere, pamene kwa zaka khumi ndi ziwiri pankakhala zitini za nyemba za masamba achikasu ndi okwinyika, panali mbee. Kumanja kokha n'kumene kunatsala mbande makumi anayi zobiriwira, zimene amuna awo anafesa dzulo lake la tsiku limene anagwa panjira ya ku ntchito osadzukanso. Apa n'kuti patapita masiku asanu ndi anayi.

"Mwazula liti?"

"Dzana. Inu munali ndi alendo m'nyumba, ndinati ndisakuvutitseni ndi zazing'ono."

"Nanga mwataya kuti?"

"Kudzala, kungakhalenso kuti? Zikauma nditentha. Shediyi tiikonze muwetemo nkhuku. Mng'ono wanga wapita, inu mukufunika kudya, ndipo masamba odwala sadyedwa."

Mayi anatula beseni pansi pang'onopang'ono, chifukwa akanapanda kutero likanatera pamutu pa munthu. Alamu awowa anali mlimi, mlimi weniweni wa manja okhakhala, ndipo kwa mlimi chomera chodwala ndi chozula basi. Anachita ndi mtima wabwino, ndipo n'chimene chinkawawa kwambiri, pakuti munthu woipa umatha kumutukwana mtima n'kutsika. Amati safunsa anadya phula, koma apa phulalo linali loti adye ndi ena.

Chowawa china n'chakuti Mayi eniakewo anali atalakalaka kambirimbiri kuzula nyemba zimenezo. Aneba ankawatcha amuna awo Dokotala wa Masamba, chonsecho sanali dokotala wa chilichonse. Anali wothandiza mu labu ya zomera, wosinja masamba ndi kutsuka mabotolo. Koma ukawaona akusamala nyemba zawozo unkati ndi ana obadwa masiku asanakwane. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi anazemba zithunzi zisanajambulidwe, ati tsiku la mbande lakwana. M'firiji, pakati pa mkaka ndi mazira, munkakhala botolo lawo la madzi a mankhwala ndi kamtondo koyera, zonse zolembedwa kuti OSAKHUDZA. Mayi mwini nyumba kumauzidwa osakhudza m'firiji mwake momwe, zaka khumi ndi ziwiri.

Galimoto inaima pageti. Anatsika a Pulofesa, abwana a malemu, mayi wamfupi wa imvi, atanyamula bokosi lozizira. Kumaliro anali atabwera kale, choncho lero anapepesa mwachidule, maso akuthamangira kuseri kwa nyumba. Atafika m'shedi muja anayang'ana mashelefu, kenako anangokhala pa ndowa yozondotsa popanda wowalozera pokhala.

"Zili kuti?" anafunsa.

Alamu anafotokoza zonse, koma mawu ankachepa akamayandikira kumapeto. Ataona kuti palibe akuwayamikira, anakweza chibwano.

"Koma mayi, mukudandaula matenda? Ine ndimadziwa kuti anthu asukulu mumalimbana ndi matenda, osati kuwaweta."

"Simungalimbane ndi chinthu chimene simunachione, bambo," anayankha a Pulofesa motopa. "Kachirombo koyambitsa matendawa galasi wamba lokulitsira zinthu silikaona. Timasinja masamba odwala ali ozizira, n'kusefa, n'kuzunguliza madziwo m'makina tsiku lonse mpaka zinyalala zitakhala pansi. Kenako timawathira pamwamba pa madzi a shuga n'kuzungulizanso. Kachiromboko kamasonkhana pakati pa chubu, kamzere kotuwa kopyapyala, ndipo mng'ono wanu yekha ndi amene ankatha kukakoka ndi jakisoni osagwedeza. Dontho limodzi timaliika pa kasefa ka mkuwa kochepera batani la shati, n'kulowetsa m'makina akuluakulu ojambula. Pamenepo m'pamene timaona mmene kanamangidwira. Makinawo ali kutali, tawadikira zaka zitatu, ndipo atipatsa masiku awiri okha mwezi wa mawa."

"Ndiye ku ntchito kwanuko mulibe kena?" anafunsa alamu.

"Firiji yathu inafa, zonse zinaola. Neti ya shedi yathu inang'ambika, nsabwe za m'masamba zinalowa n'kusakaniza matenda. Kosasakanikirana kanali kuno kokha. Ndipo sikakhalitsa m'tsamba lakufa. N'chifukwa chake masabata atatu alionse ankakasamutsira ku mbande zatsopano, izi mwasiyazi."

Alamu anavula chipewa, nachipindapinda m'manja. "Madzi akatayika saoleka. Pepani, sindinadziwe."

"Saoleka?" anatero Mayi, ndipo anadabwa okha ndi mawu awo. "Munthu uja anandilanda firiji. Anandilanda Loweruka lililonse. Pa chithunzi cha ukwati wa mwana wake ndinaima ndekha ngati wamasiye, iye ali moyo. Ndiye zonsezo zithere kudzala, n'kuikapo nkhuku? Ayi, alamu. Tsogolani."

Dzalalo linali litadzaza ndi za alendo a masiku asanu ndi anayi, makoko, phulusa, mapepala ndi mabotolo. Nyemba za pamwamba zinali zitauma gwa, ukagwira tsamba linkangofumbutuka. Mayi analowamo ndi masilipasi omwe, akufukula ndi manja, akung'ung'udza. Sankadziwa amene akumukalipira, alamu awo, kapena amuna awo amene anapita osatsanzika n'kuwasiyira chintchito chonunkha chotere. Pansi pa katoni yonyowa, pamene anthu ankathira madzi otsukira mbale, anapeza tsinde limodzi lofota. Linali ndi masamba atatu achikasu amene anali akadali ofewa.

A Pulofesa anawatembenuza uku ndi uku. "Kaya. Masiku awiri ndi ambiri. Koma tikangokhala, ndiye kwatha ndithu."

Mayi anatsuka masambawo, natulutsa botolo ndi kamtondo m'firiji. Pa shelefu ya m'shedi panali kabotolo ka ufa wakuda wokhakhala, wokandira tsamba kuti matenda apeze polowera. A Pulofesa anapinda manja a bulauzi n'kuyamba kusinja masambawo m'kamtondo. Madzi anathira ambiri, ufa anawaza ngati akuthira mchere m'ndiwo, ndipo tsamba loyamba la mbande lomwe analipaka madziwo linang'ambika pakati.

"Zaka makumi awiri ndisanagwire zimenezi," anatero mwamanyazi. "Ine ntchito yanga inasanduka misonkhano. Zonsezi ankachita ndi malemuwa."

Mayi anayang'ana m'kamtondo. Madzi obiriwira otsalawo sakanadzaza ngakhale supuni zitatu, ndipo mayi wophunzirayu anali pafupi kuwamaliza pa masamba ong'ambika.

"Tasunthani, a Pulofesa."

Mayi anali asanakhudzepo zinthu zimenezi chikhalire. Koma zenera la khitchini limayang'ana m'shedi, ndipo munthu ukamakwiyira chinthu umachiyang'anitsitsa kuposa amene amachikonda. Anasamba m'manja ndi sopo kawiri. Anamanga ufa uja m'kansalu n'kugwedeza kamodzi kokha pamwamba pa mbande. Anayala tsamba pachikhatho cha kumanzere, naviika chala m'kamtondo, napaka kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, kamodzi, mosakanikiza. Kenako analitsuka ndi madzi oyera. Tsambalo linatsala lathunthu, likunyezimira.

"Munaphunzira kuti?" anafunsa a Pulofesa.

"Pazenera, ndikutsuka mbale."

Alamu anayandikira, chipewa chikadali m'manja. "Ndiye tidziwa liti?"

"Pakatha masiku khumi," anayankha a Pulofesa. "Masamba atsopano akatuluka achikasu ndi okwinyika, ndiye kuti tapulumuka. Akatuluka obiriwira bwinobwino, ntchito ya mng'ono wanu yathera pomwepa."

Mlimi uja anapukusa mutu. Moyo wake wonse anali asanapemphererepo mbewu kuti idwale, koma anatenga chitini chachiwiri n'kuchiika pafupi ndi alamu ake.

Mayi anawaza ufa, nayala tsamba pachikhatho. Asanalikhudze anawerama pang'ono n'kunong'ona.

"Pepa."

"Mwati chiyani, alamu?"

"Si mawu anga, ndi a mng'ono wanu. Ankatero kwa tsamba lililonse asanalipake, mbande zikhale makumi anayi, zikhale zana. Ati chomeracho sichinalakwe, tikuchidwalitsa dala." Anapukuta maso ndi phewa, chifukwa zala zinali zobiriwira. "Ine zaka makumi atatu m'nyumba muno, pepa wawo ndinamumva kawiri."

Anakokera pafupi chitini chachitatu, nayala tsamba pachikhatho, naweramanso.