Thumba la Zimbalangondo Pabalaza

Ntchito yophika buledi ndinaipeza Lachitatu. Anandiuza kuti Loweruka lililonse ndiziyamba folo koloko m'mawa, ndipo ndikajomba Loweruka loyamba ndisavutikenso kubwera. Mwamuna wanga Curt amayendetsa thiraki, amatha masabata awiri ali pamsewu. Ana athu, Marnie wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Levi wa zaka zinayi, anafunika kogona Lachisanu lililonse. Munthu amene analipo ndi apongozi anga, a Toivo, bambo ake a Curt.

Sindinkawakhulupirira kwenikweni. Chimwalirireni akazi awo amakhala okha, ndipo chaka chatha anawachita opaleshoni ya m'chiuno. Levi ali ndi mphumu. Ikamugwira, kabotolo kopopera mankhwala kamafunika pomwepo, osati pambuyo pofunafuna.

A Toivo anakalambira pa ntchito yoperekeza alendo m'nkhalango za kuno ku Ely, pa bwato ndi tenti. Analonjeza zidzukulu kuti adzapita nazo kumeneko, koma chiuno chinakana. Ndiye anati nkhalangoyo ibwera pabalaza.

Lachisanu tinafika cha m'ma faifi madzulo, panja chipale chofewa chikulekeza m'mawondo. Mipando anali ataikankhira kukhoma. Pakati panaima tenti yobiriwira yonunkha utsi wakalekale, zingwe zake atazimanga kumiyendo ya sofa. Moto wawo unali tochi yokutira mpango wofiira.

"Nsapato zitsale kunja kwa tenti," anatero a Toivo. "Wolowa nazo atsuka mbale."

"Agogo, kunkhalango kuno chimbudzi chili kuti?" anafunsa Levi.

"Kuseri kwa mtengo uwo, wokhala ndi chitsekowo."

Ndinawapatsa chikwama cha ana, ndinawaonetsa kabotolo, ndinalongosola kawiri. Anangoti, "Ndamva, amake Marnie." Ndinalowa kukhitchini kukaona ngati mbaula anazimitsa. Inali yozimitsa. Ndinayang'ananso mufiriji ndi chitseko chakuseri. Pobwerera ndinapeza m'chikwama mwatsala zovala zokha.

"Kabotolo kali kuti?"

Marnie analoza m'mwamba. Pamtanda wa denga pali ngowe imene malemu apongozi aakazi ankapachikapo maluwa. Tsopano pankalendewera thumba labuluu, patali poti ngakhale kukwera pampando sindikanafikira.

"Ndi chifukwa cha zimbalangondo, amama," anatero Marnie. "Chilichonse chokhala ndi fungo chimagona m'mwamba."

Lamulolo aliyense kuno amalidziwa. Kunkhalango chakudya, sopo ndi mankhwala otsukira mano umazipachika pamtengo, apo ayi chimbalangondo chikutsatira mutenti. A Toivo anali atapachika masoseji, mabisiketi, miswachi, ndi mankhwala a mwana wanga.

"Bambo, m'nyumba muno chimbalangondo chilowera pati?"

"Sichifunsa polowera."

"Kabotolo kaja kalibe fungo."

"Kanali limodzi ndi maswiti. Katengera fungo."

Ndinatola majuzi a ana n'kuyamba kuwapindira m'chikwama. Ntchito ija ipite, buledi adzaphika ena. Marnie anaona zimene ndinkachita. Levi anakwawira mutenti n'kudzitsekera zipi.

"Taimani kaye," anatero a Toivo. "Marnie, tsitsa katundu."

Mwanayo anathamangira pachogwirira chitseko pamene panamangidwa chingwe, anakoka nsonga imodzi, mfundo inamasuka yokha, thumba n'kugwera pasofa.

"Mfundo imeneyo ndamuphunzitsa pamene inu mumanunkhiza mbaula yanga," anatero a Toivo.

Ndinati akweze thumbalo, achitenso magetsi atazima. Ndinawerenga chamumtima. Thumba linatsika ndili pa faifi. Koma kupapasa kabotolo mumdima pakati pa masoseji ndi miswachi kunandifikitsa pa makumi anayi. Ndinayatsa magetsi n'kuwauza nambala zonse ziwiri. A Toivo anakanda chibwano.

Mpeni wawo unali patebulo. Ndinadula chingwe chija kutalika ngati mkono wanga, ndinamangirira kabotolo, n'kuwaveka m'khosi.

"Chimbalangondo chikabwera, chiyambire inu," ndinatero.

Anayang'ana kabotolo, kenako podukapo. "Chingwe ichi ndinagula Curt asanabadwe."

"Chakhalitsa."

"Nyama yokalambayi chimbalangondo chilavula," anatero, akulowetsa kabotolo m'malaya.

Ndinamuuza Marnie kuti akamva Levi akulira likhweru pachifuwa, akoke chingwe cha m'khosi mwa agogo, osati cha pachitseko. Ndinatulutsanso majuzi aja m'chikwama, ndinatsegula zipi ya tenti, ndinamupukuta Levi mphuno, n'kumapita.

Loweruka ndinafika kuntchito folo isanakwane. Foni inali m'thumba la epuloni, sinalire. Ufa umalemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo uvuni wapakati umapsereza za kumbuyo ukapanda kutembenuza thireyi.

Kwa apongozi ndinafika cha m'ma leveni nditanyamula buledi awiri opindika amene sakanagulidwa. Ana ankapalasa sofa ngati bwato ndi zikombe zamtengo. A Toivo anali chigonere pansi, miyendo itatulukira kunja kwa tenti.

"Agogo alephera kudzuka," anatero Levi. "Tawadyetsera pomwepo."

Ndinawagwira m'khwapa n'kuwaimiritsa. Kabotolo kanali kadakali m'khosi, chingwe chitasiya mzere wofiira. Ndinawauza kuti Lachisanu likubwerali agona pasofa, mutu wokha ndi umene ulowe mutenti.

"Tidzaona," anatero. Ananunkhiza m'mwamba, n'kuyang'ana pepala limene ndinanyamula. "Buledi ameneyo sangakhale pansi. Marnie, tsitsa thumba."