Lamba wa ku Sitolo ya a Makwinja

1.

Lamba ameneyu Loweruka salowa muno.

Anatero a Likaka, oyang'anira bwalo lathu lowomberapo mfuti, m'dzenje lija ankaphwanyamo miyala kale kupitirira Lunzu. Linali Lachiwiri masana. Anagwira chikwama cha mfuti chimene chinali m'chiuno mwanga n'kuchigwedeza ndi zala ziwiri. Chinapendama ngati dzino logwedera.

Taonani kumene yaloza mfuti yanu, mayi Ndaziona. Pantchafu panu pomwe.

Ndinati lamba ameneyu ndamuvala zaka khumi ndi zinayi ku usilikali, sanandichititsepo manyazi.

Wakalamba, anatero a Likaka. Pezani wina.

Kumbuyo kwanga munthu anaseka. Sindinacheuke. Kuseka kumeneko ndinakhala nako nyumba imodzi zaka zisanu ndi zinayi.

2.

Loweruka kalabu yathu inkasankha munthu mmodzi wopita ku mpikisano wa ku Lusaka. Ena onse anali atagwa kale. Tinatsala awiri: ine, ndi a Layisoni Makwinja, amene kale anali amuna anga. Zigawo zisanu ndi chimodzi. Kuthamanga, kusolola mfuti, kuwombera chandamale, kusintha magazini ya zipolopolo, kuthamanganso. Lamulo lalikulu aliyense amalidziwa: mfuti ikangogwa pansi, mwini wake wathera pomwepo, mnzakeyo wapambana, aliyense kwawo.

Zofunika:
lamba wamkati, wolowa m'tizingwe ta thalauza
lamba wakunja, wouma ngati thabwa, womata pamwamba pa mnzakeyo
chikwama cha mfuti chomangidwa ndi timabawuti, choti ukhoza kuchisuntha
timatumba titatu ta magazini
masiku angapo oti thupi lizolowere

Sitolo yogulitsa zimenezi mu Blantyre yense ndi imodzi. Ili ku Limbe. Eni ake ndi a Makwinja.

3.

Iwe Ndaziona iwe, sajeni wathunthu amene unkaimitsa amuna makumi atatu padzuwa ndi liwu lokha, ukafika kunyumba ku Chigumula unkayamba wayang'ana pamsomali wa kuseri kwa chitseko kuti uone ngati lamba wachikopa uja ali pomwepo, ukapeza alipo unkapuma, ukapeza palibe unkadziwa kuti ali m'manja, ndipo m'mawa mwake unkavala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala, anzako akakufunsa unkati ndi malungo, ankhoswe akabwera unkawaphikira tiyi n'kuwauza kuti zonse zili bwino, pakuti ndani akanakhulupirira kuti msilikali akumenyedwa ndi wogulitsa m'sitolo, akanakuseka mpaka ku Zomba, ndiye tsiku lina unangonyamula zovala zako n'kutuluka osauza munthu chifukwa chake, ndipo mpaka lero anthu amati unathawa banja chifukwa cha matama a usilikali

4.

Pabwalo timati chala kunja. Kutanthauza kuti chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka utaona chandamale. Ine mawu amenewa ndimayenda nawo ndi mumsewu momwe.

Chala kunja.

5.

Lachitatu masana Ndaziona analowa m'sitolo muja. Munali makasitomala atatu akuona nsapato za alonda. Kuseri kwa kauntala kunali Esinati, mkazi wa a Makwinja wa tsopano, akupukuta galasi limene linali loyera kale.

A sajeni, anatero a Makwinja. Njira mukuikumbukirabe?

Ndabwera kudzagula lamba, osati kudzacheza.

M'chiuno mwanumo ndikudziwamo. Palibe choyezera.

Munkadziwamo. Bweretsani tepi.

Atabweretsa, Ndaziona anawalanda n'kudziyeza yekha. A Makwinja anawerama, natulutsa pansi pa kauntala lamba wakuda, chikwama ndi timatumba zili zomangirira kale.

Uyu ndakusungirani, anatero. Inu n'kungovala basi. Ndisakapambane Loweruka anthu n'kumati ndapambana munthu womanga chingwe cha mbuzi.

Ndaziona anamupinda, lambayo anakana. Anayendetsa chala m'mphepete, ulusi unali wolimba. Anali wabwino. Zinamuwawa kuti anali wabwino.

6.

Ine Makwinja ku Lusaka ndapitako kasanu. Mpikisano uwu ndinamuphunzitsa ndine. Kaimidwe, ine. Kasololedwe, ine. Anabwera kuchokera ku usilikali akuwombera ngati akupirikitsa anyani m'munda. Lero akufuna malo anga, mkazi amene ankandichapira masokosi.

Avale. Avale tione.

7.

Ameneyo satuluka muno.

Anali Esinati. Kansalu anali atakataya, dzanja lake litagwira kale nsonga ina ya lambayo.

Iwe, anatero a Makwinja. Bwerera uko.

Ndiye akazi anu akale mumawasungira katundu pansi pa kauntala? Ine ndizipukuta pamwamba, pansi pali mphatso za chibwenzi? Esinati anatembenukira kwa makasitomala aja. Abambo inu, taonani. Mayi awa banja anathawa okha. Lero abwera atadzola mafuta kudzayezedwa m'chiuno.

Chala kunja.

Mayi, anatero Ndaziona, amuna anuwa ngakhale mutandipatsa pamodzi ndi ng'ombe sindingawatole.

Nanga kuno mukufunako chiyani? Ku kaunjika malamba atha? Ndi mimba imeneyo mukuti muthamanga?

Esinati anakoka. Ndaziona anakoka. Kenako Ndaziona anangosiya dala, Esinati n'kukagunda shelefu ndi msana, zitini za polishi n'kugwa. Anadzuka lamba ali m'manja, nayenda mapazi awiri, n'kumuviika mu ndowa ya madzi okolopera. Anamukanikiza ndi phazi kuti amire.

Kasitomala wina anaseka. Wina anatulutsa foni.

Nthabwala za amayi izi, anatero a Makwinja, mano ali pamtunda. A sajeni, dikirani pang'ono, ndimupukuta. Madzi sawononga kanthu.

Wa mu ndowa valani nokha, anatero Ndaziona.

8.

Ndinapita ndekha kukhoma n'kutsitsa wina amene anali m'pulasitiki yosatsegula.

Ndinamupinda. Anakana.
Ndinamata n'kumatula. Anagwira.
Ndinamuyesa m'chiuno, n'kudumpha kawiri. Sanatsike.
Timabawuti tinali m'kathumba kake, tonse, tosakhudzidwa ndi munthu.
Mtundu wake wonyansa, ngati fumbi la mumsewu wa ku Bangwe.

Ndinalipira.

Potuluka ndinaona diso. A Makwinja sankayang'ana ine. Ankayang'ana Esinati, mutu utapendekera pang'ono kumanzere, lilime likukankha tsaya. Diso limenelo ndimalidziwa. Limatanthauza kuti tikaonana kunyumba. Esinati naye analiona. Anatola kansalu kake n'kuyambanso kupukuta galasi.

Mumtima ndinati wadziputira wekha. Ndinakwera minibasi.

9.

Lachinayi. Chikwama pafupa la m'chiuno. Kutali. Kuchisunthira kutsogolo zala ziwiri. Pafupi kwambiri. Kuchibweza chala chimodzi. Pamenepo. Timatumba kumanzere, koyamba pafupi ndi mchombo. Kabawuti kalikonse ndinakamanga mpaka chikhatho chinatuluka thuza.

Lachisanu. Mfuti zonse zimagona mu sefa yachitsulo yokiya ya kalabu, ndiye ndinapita kubwalo n'kusolola yanga yopanda zipolopolo, kubweza, kusolola, kubweza, mpaka phewa linachita dzanzi. Pa chandamale ndinkaonapo nkhope. M'mawa inali ya a Makwinja. Pofika masana inali ya Esinati.

Mimba imeneyo.

Chala kunja.

10.

Loweruka. Mafoni onse m'bokosi la a Likaka, ndilo lamulo. A Likaka anagwedeza chikwama changa ndi zala ziwiri zomwe zija, chinangoti nji.

Uyu ndiye lamba, anatero. Kenako kwa a Makwinja: mayi a kunyumba lero sanabwere?

Mutu, anatero a Makwinja.

8 koloko, chigawo choyamba, iwo.
9 koloko, chachiwiri, iwo. Anandifunsa ngati ndikufuna mpando.
Hafu 10, chachitatu, ine.
12 koloko, chachinayi, ine. Anasiya kufunsa.
Chachisanu, iwo.
Chachisanu ndi chimodzi, chipolopolo changa chinaboola pamzere penipeni. A Makwinja anati chatuluka. A Likaka anati chalowa. Anakangana pafupifupi ola lathunthu padzuwa, anaitana ndi akomiti omwe, anayeza, anayezanso. Chinalowa.

Zitatu kwa zitatu, anatero a Likaka. Mubwereza chimodzi.

Nthawi inali itadutsa 3 koloko.

11.

Belu litalira unathamanga Ndaziona, miyala ikuterera pansi pa nsapato, lamba ali phee m'chiuno ngati unabadwa naye, dzanja linapeza mfuti pamene linaisiya, ziwiri pa chandamale choyamba, ziwiri pa chachiwiri, kugwada kuseri kwa mgolo, bondo kung'ambika osamva, magazini yakale pansi, yatsopano ili kale m'manja, chandamale chachitsulo chakutali chinalira kamodzi n'kugwa, ndipo panalibe nkhope ya munthu pa chandamale chilichonse, panali pepala basi, pepala ndi mabowo, mpaka a Likaka anayang'ana wotchi yawo, nayang'ananso, natchula dzina lako

12.

A Makwinja sanandipatse dzanja. Anabweza mfuti mu sefa, natenga foni m'bokosi, naimba. Palibe anayankha. Anaimbanso. Anakwera galimoto, fumbi n'kutiphimba tonse.

Anthu ankandigwira chanza. Ine ndinkayang'ana fumbilo. Ndinkadziwa kumene mkwiyo umenewo ukatsikire, ndinkadziwa ndi chipinda chake.

A Likaka, ndinatero, ndiperekezeni ku Chigumula.

Kukatani kwa adani anu?

Tiyeni.

Tinapeza geti lili pululu. Pabwalo panali mapazi a matayala a lole. A Makwinja anali ataima pakhomo, lamba wawo wa mpikisano akadali m'chiuno. Kumbuyo kwawo ndinaona pabalaza: pamene pankakhala mashini osokera panali poyera, makatani kulibe, mapoto kulibe. Esinati kulibe.

Ndinu mwachita izi, anatero a Makwinja.

Ine? Ine ndinali nanu tsiku lonse.

13.

Ndine Esinati. Musadule foni. Nambala yanu ndinaitenga m'buku la m'sitolo, ndipo ino ndikatha kulankhula ndiitaya.

Ndamva kuti munapambana. Zimenezo n'zanu.

Lachitatu m'mawa, musanabwere, ndinawapeza a Makwinja m'chipinda cha kuseri ali ndi tupa. Ankapala timabawuti ta chikwama cha lamba wakuda uja, kamodzikamodzi, mpaka titatsala ngati ulusi, n'kupakapo polishi. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi. Mukanangothamanga mapazi khumi, mfuti yanu ikanagwa. Mwina ikanakulasani mwendo, sindikudziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti mpikisano ukanatha 8 koloko yomweyo, iwo 9 koloko ali kale pakhomo ndi mabotolo awo.

Achimwene anga lole amaipeza Loweruka lokha, akatsitsa katundu wa abwana awo, ndipo satsitsa isanakwane 1 koloko. Ndinadikira miyezi inayi kuti Loweruka lina bamboyo adzakhale kutali, foni ili m'bokosi. Ndinkafuna munthu woti awagwire mpaka 4 koloko. Mu Blantyre yense munthu ameneyo munali inu nokha.

Ndikanakunong'onezani, mukanandikhulupirira? Mukanawafunsa pomwepo, pamaso panga. Ndiye ndinakutukwanani. Sizinandivute, mawu ndinali nawo kale.

Madzulo a Lachitatu lomwelo mukudziwa zimene zinachitika. Munaliona diso lija, ndinakuonani mukuliona. Dzanja lamanzere mpaka pano silikukwera. Mashini anga anyamula ndi achimwene.

Musandithokoze, inenso sindikuthokozani. Zaka zitatu zapitazo tinakumana mumsika wa Limbe, ine ndikusankha nsalu ya chinkhoswe. Wina anakuuzani kuti ndine ndani. Munandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, inu amene munkadziwa za msomali wa kuseri kwa chitseko. Munati zabwino zonse. Mawu awiri. Munagula tomato wanu n'kumapita.

Bamboyo abwera kwa inu. Akaona kuti kwa achibale anga sakupeza kanthu, abwera kudzakufunsani ngati ndinakuimbirani, ngati munamva kulira kwa basi kapena chinenero cha anthu kumbuyo kwangaku. Ndikupemphani chinthu chimodzi, ndipo sichikuvutani, mumachitha bwino kuposa kuwombera.

Khalani chete.