Mano Osema ndi Mpeni

Mvula ya Disembala itayamba, matayala a pikiapu ya mdzukulu wanga Yakobe anali atasalala ngati chipande chakale. Mkazi wake Zipora anali woyembekezera, mwezi wake uli womwewo. Kuchoka kwathu kupita kuchipatala ku Mitundu timadutsa dambo lomwe matope ake amavula munthu nsapato. Mtima wanga sunali m'malo.

Tsiku lokagula matayala ku Nathenje ndinakakamira kupita nawo. Tinayambira kwa Mayi Martina, amene anayendetsa ambulansi zaka zambiri asanatsegule sitolo ya matayala.

"Achimwene, galimoto yanu imayenda misewu iti?" anafunsa mayiwo.

"Patala pang'ono, koma kwambiri m'fumbi ndi m'matope."

"Ndiye mutenge awa olembedwa AT, opangidwira tala ndi dothi lomwe. Mano ake ndi akuya komanso otalikirana, matope sakakamira msanga. Akhale anayi ofanana, a saizi ya galimoto yanu. Muonenso manambala anayi awa: awiri omalizawa ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Tayala limakalamba ngakhale lisanayende."

Yakobe atamva mtengo anangokanda m'mutu n'kutuluka. Panja anakumana ndi mnzake Lovemore, woyendetsa minibasi.

"Aise, usapusitsidwe ndi zilembo," anatero Lovemore. "Tayala ndi mano basi! Tiye kuseri kwa msika, kuli a kaunjika, mano ngati a ng'ona."

Kuseri kuja matayala anali akuda bii, opakidwa polishi. Ine zilembo sindizidziwa, koma malemu amuna anga anali osema mitondo, ndiye pomwe padutsa mpeni ndimapadziwa. Ndinalowetsa chala m'mano muja. Mizere inali yokhotakhota, m'mphepete mwake mwakuthwa, fungo lake la mphira wopserera.

"Yakobe, mano awa tayalali silinabadwe nawo. Linatha, ndiye achita kulisema. Mtondo ukausema mopitiriza umabooka pansi."

Lovemore anaseka mpaka kugwira bondo. "Agogo, za galimoto mwayamba liti? Inu ngakhale njinga mumaiopa!"

"Ndimaiopadi, mwanawe. N'chifukwa chake ndakalamba."

Yakobe anagulabe.

Patapita masabata awiri, Lachinayi masana, matenda anamuyamba Zipora mvula ikukhuthuka. Tinamukweza kutsogolo, ine pakati nditamugwira dzanja. Titafika padambo, galimoto inayamba kuvina uku ndi uku. Yakobe anaponda moto kuti tiwoloke msanga. Tayala lakumbuyo linagunda mwala wobisika m'matope. Phuu! Mawaya onse ali panja, galimoto yapendekera m'ngalande.

"Agogo, nsupa yasweka!" analira Zipora.

Yakobe anaika jeke, jeke inamira. Anaika mwala pansi pake, nawonso unamira. Anaimbira Lovemore, foni inangoitana. Pachitenje cha Zipora panayamba kuoneka magazi, milomo yake ikutuwa ndikuona.

"Siya zitsulozo!" ndinakuwa. "Thamangira kumudzi uko ukapemphe ngolo!"

Ngolo inabwera, ng'ombe ziwiri zikuyenda mwa ung'ombe wawo. Ulendo wa mphindi makumi awiri unatitengera maola awiri. Ine ndinkangoitana dzina la Zipora kuti asatseke maso. Mwana anabadwira pageti la chipatala, m'manja mwa anamwino amene anatithamangira ndi machira. Anayamba wakhala chete, kenako analira.

"Mukanachedwa pang'ono tikanataya onse awiri," anatero anamwino, akuyang'ana Yakobe amene anali matope mpaka m'makutu. Mwanayo tinamutcha Chipulumutso.

Zipora atatuluka m'chipatala, Yakobe anakweza tayala lophulika lija kupita nalo kwa Mayi Martina. Iwo analitembenuza n'kuloza manambala.

"Ili lili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndipo taonani, mpeni unafika pa mawaya. Atatu otsalawo muwachotse lero lomwe."

Anatulutsa anayi atsopano a AT. Yakobe anawerenga chaka pa lililonse, mokweza. Kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pa tayala.

"Agogo, ine ndawerenga zanga. Tsopano werengani inu."

Ndinayendetsa chala mzere ndi mzere, onse anayi, anthu akudikira. Munalibe mpeni.

Phunziro: Posankha matayala, ganizirani msewu umene mumayenda ndi anthu amene mumanyamula. Gulani oyenera tala ndi dothi, ofanana, muone chaka chake, ndipo mukhudze mano ake ndi chala. Tayala losema silisankha tsiku lophulikira.